Tsiku Limene Bambo Anabweza Chikho cha Mate

Kwathu kuno ku Bagé, munthu akamabweza chikho cha mate, tiyi wathu wa masamba amene timamwa mopatsirana poyamwa ndi kapaipi, n'kunena kuti "zikomo", ndiye kuti sakufunanso kumwa. Bambo anga, a Valdomiro, mawu amenewa sankawadziwa. Ankamwa mpaka madzi kutha m'ketulo. Choncho m'mawa umene anamwa chikho chimodzi chokha n'kunena zikomo, ndinada nkhawa. Ine ndine wamantha. Mwana wanga Maiara akangotsokomola, ndimakhala nditavala kale nsapato zopitira kuchipatala. Ndinayamba kuwayang'anitsitsa bambo. Nyama yowotcha ankaponyera galu mobisa, mpunga ankaumeza ndi madzi.

Ndinawaumiriza mpaka tinapita kuchipatala. Anawapeza ndi khansa ya kummero, ndipo dokotala anati ayambe kumwa mankhwala komanso kuwotcha chotupacho ndi cheza cha makina. Bambo anakana.

"Achimwene anga a Alcides anawawotcha ndi makina omwewo, koma tinawaika m'manda," anatero. "Magazi ndi amodzi. Zimene zinakanika kwa iwo zikanikanso kwa ine."

Ndinathamangira kwa mayi Neusa, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu. Anabwera masana, n'kukhala nafe pakhonde. Bambo anawapatsa chikho. Atangoyamwa pang'ono, anakwinya nkhope.

"Madzi awa ndi omwera mate kapena ososolera nkhuku? Ndiye ndamva kuti mwasanduka dokotala, a Valdomiro."

"Ndine woweta ng'ombe, mayi. Za mtundu ndimazidziwa."

"Chabwino. Ana anu aakazi awiriwa, bambo wawo ndi mmodzi?"

"Malemu mayi awo anandiuza choncho."

"Nanga bwanji Marlise amakwera hatchi yolusa, pamene Jocelaine uyu amathawa tsekwe?"

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinatsutse, tsekwe amaluma.

Kenako mayi Neusa anafotokoza modekha. "N'zoona kuti zimene timatengera kwa makolo zimakhudza mmene thupi limalandirira chithandizo. Koma anthu apachibale satengera zofanana ndendende. Chotupanso chilichonse chili ndi mapangidwe akeake. China chimafota msanga ndi cheza, china chimavuta. Palibe amene angadziwe za inu poyang'ana a Alcides. Paja iwo anapita liti kuchipatala?"

Bambo anayang'ana pansi. "Madzi omwe atasiya kudutsa."

"Inu mpunga ukudutsabe. Sindikulonjeza kuti muchira, koma mwayi wanu ndi wokulirapo lero kuposa mwezi wamawa."

Ndinafunsa zimene zinkandisowetsa mtendere. "Nanga Maiara, mayi? Nayenso adzadwala?"

"Palibe pamene zinalembedwa, mwanawe. Zakumtundu sitingazisinthe, koma fodya, kachasu ndi madzi owira chonchi tingazipewe. Ketulo izichoka pamoto isanabwate. Ndipo aliyense m'banja muno akayamba kuvutika kumeza, asadikire."

Bambo anayang'ana Maiara, amene ankakoka khutu la galu. "Galimoto yotengera odwala kuchipatala imanyamuka nthawi yanji?" anafunsa.

Chithandizocho sichinali chophweka. Kummero kunkapweteka, anaonda, ndipo masiku ena ankangomwa msuzi uku akundikalipira kuti ndikuwasamala ngati khanda. Koma sanajombe. Patapita miyezi, dokotala anatiuza kuti chotupa chafota kwambiri, ndipo tizipitabe kukawayezetsa.

Lamlungu lapitali Marlise anawotcha nyama. Bambo anadya zidutswa zing'onozing'ono, galu n'kungoyang'ana. Ndinawapatsa chikho cha mate wofunda bwino. Anamwa, nadandaula kuti ndi wozizira ngati wa ana, n'kundibwezera. Ndinadikira mawu aja. Sananene.

"Ukuyang'ana chiyani, Jocelaine? Thira ena."

Zimene banja lathu laphunzira ndi izi: matenda a m'bale wanu sakuuzani mmene anu athere. Mukayamba kuvutika kumeza, pitani kuchipatala msanga, ndipo musakane chithandizo chifukwa chinakanika kwa munthu wina.