Dzina la Pamkono

Amayi anayamba ndi mandimu. Kenako phulusa, kenako mwala wokwechera zidendene, mpaka mkono wanga unasupuka. Nkhanambo itachoka, dzina linali pompo: FARUKU, zilembo zopendekeka ngati mpanda wa chaka chatha.

Ndinalilemba ndekha tsiku lomwe ndinamaliza mayeso a desima, kalasi ya khumi, ndi singano yosokera ndi mwaye wa nyali. Faruku amapalasa njinga ya nsomba kuchokera ku Amaramba, ndipo anati ndimudikire zaka ziwiri. Zaka ziwiri! Chonsecho Loweruka kunali kubwera a Mastura, azakhali a Ibrahimo wa sitolo ku Entre Lagos, kudzaona ngati ndikuyenera mwana wawoyo.

Lachinayi amayi anandikokera ku posito, kachipatala ka m'dera lathu.

"Anamwino, tipatseni mankhwala ochotsera uve uwu," anatero. "Hina wopaka m'manja amafufuka pa sabata ziwiri. Izi miyezi isanu!"

Namwino Hermínia anatembenuza mkono wanga n'kuseka. "Mayi, mukuchapa pamwamba, chinthu chili m'mimba mwa asilikali."

"Asilikali atinso?"

"A m'thupi. Pansi pa khungupa alipo ambirimbiri, ntchito yawo n'kumeza chilichonse chachilendo. Tizilombo amatigaya. Mwaye umawakanika, ndiye amangoufumbata pomwepo. Mmodzi akafa, mnzake amaumezanso."

"Mpaka liti?"

"Mpaka kumanda. Lekani kumusupula mwanayu, pangachite mafinya."

Pobwerera, amayi anali patsogolo, kapulana yawo ya m'chiuno ili phaphapha ndi mkwiyo. Ine m'mbuyo ndimaganiza za khamu lija, loti silinamuonepo Faruku akutsika panjinga thukuta lili kamukamu, koma likupatsirana dzina lake ngati ndowa pamjigo, osataya dontho. Amayi ali okha, ife tilipo zikwi.

"Ukusekerera chiyani, Shakila? Loweruka uvala bulauzi ya manja aatali. Ukangopinda, udzandiona."

Loweruka a Mastura anafika dzuwa lili paliwombo, mphete zili mbuu m'zala. Anakhala pamkeka, n'kuyamba kuwerenga makatoni a sopo omwe Ibrahimo amaolotsa pamalire. Amayi ankangoti, "Eya, eya." Anandituma madzi osamba m'manja.

Ndinagwada bwinobwino monga anandiphunzitsira. Ndinaika beseni pansi. Kenako ndinapinda bulauzi mpaka pachigongono, pang'onopang'ono, ndi kutambasula mkono kuti ndiwathirire.

A Mastura sanabweretse manja awo. Milomo yawo inkagwedera, akuwerenga.

"Ameneyu ndani, mwanawe?"

"Zachibwana za kusukulu izo," amayi analumphira. "Zichoka, tikuzisamalira."

"Sizichoka, amayi. Munamva nokha kuposito." Ndinakweza jagi. "Sambani, azakhali, chakudya chizizira."

Anayang'ana madzi, anayang'ana amayi, n'kufunsa komwe angapeze njinga yamoto yobwerera ku Entre Lagos. Amayi anawatsatira mpaka pamsewu akuwapepesa. Ine ndinatsala chogwada, n'kudzithira madziwo pankhope.