Fiyuzi ya M'thumba Mwanga

Ine Merle Tackett ndinayamba ndi kangolo kotolera zinyalala ku Ohio, ndipo popuma ntchito ndinali ndi kampani yangayanga. Nyumba yathu ya matayala, chigalimoto chomwe timagonamo ndi kuphikiramo, ndayiyendetsa kuchokera ku Alaska mpaka ku Baja, ndadutsa pakati pa njati ku Dakota mtima uli m'malo. Koma m'mawa uja pa msasa wa apaulendo ku Quartzsite ndi pamene mantha ndinawadziwa.

Gasi wophikira wa propeni ndi wolemera, akatuluka amathamangira pansi, n'chifukwa chake alamu yake ili m'munsi, pomwe galu wathu Biscuit amagona. Galuyo akangophwisa, alamu yalira. Nditatopa nazo ndinazula fiyuzi yake n'kuponya m'thumba la jekete.

"Mphuno yanga imaposa kachitsulo aka," ndinamuuza mkazi wanga Lorraine.

Dzulo lake ndinali nditasintha ndekha paipi ya chitofu. Zopaka thovu la sopo polumikizira kuti uone ngati gasi akutuluka ndinaziona ngati za ophunzira. Kutacha ndinatuluka, ndinatsegula thanki ya gasi kuti Lorraine akadzuka aphike khofi, ndipo ndinakhala panja kumusimbira mnansi wathu Chuy Delgado za chipale chofewa cha ku Yukon.

Chuy anakwinya mphuno. "Achimwene, mazira owolawa ndi anu?"

"Ndi Biscuit ameneyo, wadya nyemba."

"Biscuit wake uti? Si uyu ali pamapazi panga? Fungoli likuchokera kunsi kwa chitseko chanu."

Ndinayang'ana pazenera. Lorraine anali atadzuka, ketulo ili kale pachitofu, akufunafuna laitala m'dilowa. Timakina tomuthandiza kumva anali asanavale, ndipo popanda timeneti samva ngakhale bingu.

Ndinathamangira kuchitseko, koma Chuy anandigwira kolala.

"Mwapenga? Sitepe yanuyi ndi yamagetsi! Mukatsegula chitsekocho injini yake iyaka, kamoto kakangothetheka basi tapita tonse!"

Iye anathamangira kukatseka thanki. Koma gasi amene anali atalowa kale anali momwemo, m'miyendo mwa mkazi wanga.

Ndinamenya galasi ndi zikhatho. Lorraine anacheuka, anamwetulira, n'kundibayibitsa ndi dzanja lomwe linali ndi laitala. Ndinatsina mphuno n'kuloza pansi. Anaseka, milomo yake ikuti, "Galu wakoyo!" Anatembenukira kuchitofu, chala chili pabatani.

Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa fiyuzi ija n'kuyigogodetsa pagalasi. Go, go, go. Anacheukanso. Anayang'ana kafiyuzi kofiirako, anayang'ana alamu ili duu pansi, kenako nkhope yanga. Kuseka kunatha. Anayika laitala patebulo pang'onopang'ono ngati dzira, anayenda chonyang'ama n'kutulukira khomo la dalaivala, lomwe lilibe sitepe.

Tinaima patali, kuseri kwa galimoto ya Chuy, mpaka amisiri a gasi atafika. Atapaka sopo pa paipi yanga ija, thovu linafufuma ngati la mowa.

Lorraine sanandikalipire. Anavala timakina take, anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno, nkhalamba iwe."

Ndinamupatsa fiyuziyo. Anagwada n'kuyibwezera yekha. Madzulo ake Biscuit anaphwisa, alamu inalira mpaka msasa wonse unamva, ndipo ine ndinali woyamba kutuluka panja, wopanda nsapato.