Lipenga la Fanuel

"Mayi, siyani! Mukuliwononga!"

Pilato, woimba ng'oma m'bandi ya malemu Fanuel, anaponya njinga pansi. Mayi Lines sanadzutse n'komwe mutu. Anali atapanira thiromboni ya mwana wawo, lipenga lalitali lokoka lija, akulikwecha ndi phulusa ndi mchenga ngati poto.

"Katundu wa womwalira amatsukidwa asanagawidwe," anatero. "Kwanu satero?"

Fanuel anali ataikidwa sabata yomweyo, chifuwa chitamudya. Lipenga analiphunzira ku usilikali ku Zomba. Nkhondo itatha anayambitsa bandi ya jazi yoimba m'madansi a m'maesiteti a tiyi, kuchokera ku Thuchila mpaka kumalire. Anthu ankavina mpaka nsapato kung'ambika. Koma munda wa amake sanaupondemo. Tsopano mvula inali pafupi, mzere ndi umodzi womwe ayi.

Pilato anayesa kukoka mpope wa lipengalo. Unalira kwee, n'kuima. Mchenga unali utalowa.

"Tipatseni ife, mayi. Popanda ili bandi yatha."

"Ithe. Wosula zidebe wa pa Nkando walifuna, andipezera aganyu. Ine ndidye nyimbo?"

"Ameneyo akalidula!"

"Adule. Inu mundipatsa chiyani? Masuti obwerekawo?"

Pilato anayang'ana pansi. Mayi Lines anausa moyo. Maliro anali atawatha mafupa.

"Mwatsala angati m'gulu lanu la osagonalo?"

"Asanu."

"Mawa nonse ndi makasu. Munda wonse, mpaka kumtsinje. Mukamaliza mutenge chitsulo chanucho."

"Mayi, manja athuwa..."

"Atani? Alibe zala?"

Anabwera ndithu. Analima moipa, mizere yokhotakhota, matuza akuphulika, mayi akuwakalipira kumbuyo. Atamaliza, Pilato anatsuka mpope uja ndi palafini, naupaka mafuta a makina osokera, n'kupereka lipenga kwa Waziri, mnzawo amene ankalidziwako.

Waziri sanalize pomwepo. Anayenda mpaka kuseri kwa nkhokwe, nafulatira nyumba, kukamwa kwa lipenga kuloza kutchire.

"Akupita kuti uyo?" anafunsa mayi.

"Ndi lamulo la a Fanuel," anayankha Pilato. "Pano sitiliza choyang'ana kukhomo. Ankati amayi abwera kuchokera kumunda otopa, tisawasokose."

Mayi Lines anakhala pansi pakhonde, manja ali pamaondo.

"Muuzeni atembenuke," anatero.