Liwu Lotsika la Ishbel

Rewi anabwera ndi zitoliro za thumba za mwana wanga Ishbel Lachinayi m'mawa, maliro ake ali mawa lake. Anaimika galimoto pafupi ndi shedi yometera nkhosa, natsitsa bokosi lakuda lomatidwa zithunzi za zigaza ndi mayina a malo omwera mowa a ku Dunedin ndi ku Melbourne. Rewi ndi mkamwini wanga, ndiponso ndiye woimba gitala m'bandi imene Ishbel anaimbamo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ndi munthu wabwino, sindikana. Koma tsitsi lake limafika m'chiuno, ndipo ine ndi iye tinali tisanachezepo nkhani ina yoposa mvula ndi mpira.

"Bambo, ndili ndi pempho limodzi," anatero. Maso ake anali otupa. "Mawa kumanda muimbe ndinu. Koma muimbe izi, mmene zililimu. Musasinthe kanthu."

"Zanga ndili nazo."

"Ndikudziwa kuti muli nazo. Ine ndikupempha izi."

Ishbel anagwa m'khitchini Lolemba akutsuka makapu. Mtsempha unaphulika m'mutu, basi. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, mwana wanga mmodzi yekhayo. Ndaimba pamaliro a anthu oposa mazana awiri kuno ku Winton, ena a iwo anthu amene sindinkawakonda n'komwe, ndipo zala zanga sizinaphonyepo. Lachinayi limenelo ndinalephera kutsegula loko wa bokosi la zitolirolo.

Ndinamuphunzitsa zitoliro ndekha kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, patebulo la m'khitchini, ndikumuimbira pakamwa monga mmene bambo anga anandiphunzitsira. Nyimbo zathu zazikulu, zolira zija, sizikhala ndi ng'oma kapena kugunda phazi. Umayenda nazo pang'onopang'ono ngati ukutsatira nkhosa yotsimphina. Ishbel anazimva msanga kuposa ine. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anakatenga mendulo ku Dunedin, kusiya amuna andevu zawo akulozera mphepo kuti ndiyo yawasokoneza. Ndinayendetsa galimoto kubwerera kwathu ndikuimba mluzu njira yonse.

Kenaka anakumana ndi anyamata a magitala.

Zitoliro zathu za thumba zili ndi mipope itatu yogona paphewa, imene imangong'ung'udza, ndi chitoliro chimodzi cha zala chimene chimaimba nyimboyo. Cha zalacho ndicho mwini nkhani. Ife a mipikisano timachikweza liwu, ndiye sichigwirizana ndi gitala kapena piyano. Wofuna kuimba ndi zinthu zimenezo ayenera kupeza chitoliro cha liwu lotsika. Mnzanga wina wa m'bandi yathu ya tauni ndiye anandiuza, akuseka ndi mano ake oikirira: "Murdo, wamva? Mwana wako watsitsa zitoliro. Akuti zikulira ngati ng'ombe yobereka, iye atavala nsapato za asilikali, magetsi akuthwanima pamipope."

Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho ndinamufunsa Ishbel tili patebulo, mwendo wa nkhosa ndisanaudule.

"N'zoona kuti watsitsa zitoliro kuti zigwadire gitala?"

"Adadi, sindinatsitse kanthu. Ingobwerani mudzamve kamodzi kokha."

"Ndikamve chiyani? Phokoso ndili nalo la agalu kunjaku. Agogo ako anaoloka nyanja ndi zitoliro m'manja, osati kuti iwe uzikavinitsa nazo zidakwa."

"Kamodzi kokha, Adadi."

"Ndikadzafa, ndiye udzabwere nazo."

Ndinalankhula choncho, ndipo ndinadziona ngati ndalankhula zanzeru. Sitinadane ayi. Ankabwera pa Khirisimasi iliyonse, nthawi yometa nkhosa ankathandiza kusesa ubweya, ankandigulira masokosi. Tinkacheza za mtengo wa ana a nkhosa ndi za bondo langa. Za zitoliro sitinatchulenso. Bandi yawo ikabwera ku Invercargill, mtunda wa theka la ola kuchokera pakhomo panga, Nola mkazi wanga ankadzola milomo n'kupita yekha. Nyimbo yawo ikayamba pawailesi ndinkatseka isanafike pa zitoliro. Ndinkadziwa bwino pamene pali batani.

Rewi atalowa m'nyumba kukamwa tiyi, Nola anatuluka atanyamula mbale ya buledi wokulunga tchizi imene aneba anabweretsa. Anandipeza nditatenga kale chitoliro changa cha zala, cha mpikisano, chili m'thumba la jekete.

"Chimenecho n'cha chiyani?"

"Mipope ndi thumba ndigwiritsa zake. Cha zala ndiika changa. Palibe adzadziwe."

"Murdo Gunn, mwanayo ali m'bokosi ndipo mukufunabe kumukonza?"

"Sindingaimbe nyimbo yolira ndi liwu la m'bala, Nola. Kudzabwera anthu odziwa."

"Anthu odziwa! Kagoneni nawo anthu odziwawo. Ine ndamva mwana wanga akuimba kokwana makumi awiri. Inu mwamumva kangati?"

Anaika mbale pa belo la ubweya ndi mphamvu, n'kubwerera m'nyumba.

Ndinatsegula bokosi la zitoliro lija ndekha m'shedi. Zinali monga ndinkaopera. Nsalu ya thumba inali yofiira ngati magazi, timagetsi tamangidwa pamipope, ndipo pampope waukulu panali kachidole ka nkhosa kovala magalasi akuda. Chitoliro cha zala chinali m'sokosi, chokulungidwa tepi yapepo kuyambira pamwamba mpaka pansi, mabowo okha ndiwo akuoneka. Ndinatukwana. Ndinati ndichiyese kaye kamodzi, kuti ndikamuuze Rewi ndi mtima woyera kuti sichingatheke.

Ndinadzaza thumba ndi mpweya, ndinalimenya ndi dzanja, mipope inayamba. Ndinaika zala pamabowo. Chala chaching'ono cha kumanja chinaphonya bowo lake, chifukwa bowolo linali lokhotera pambali, losemedwa ndi mpeni. Ndisanaganize kanthu, liwu loyamba linatuluka.

Ndinakhala pansi pa matabwa, thumba likuphwa lokha ndi kubuula.

Bambo anga anathyoledwa chala chaching'ono ndi nkhosa yamphongo ali mnyamata, ndipo chinapola chopindika. Anasema bowo la pansi la chitoliro chawo ndi mpeni wawo wa m'thumba kuti chala chizifikapo. Liwu limenelo ndilo linkatidzutsa Lamlungu lililonse, iwo akuyendayenda kuseri kwa shedi yomweyi, lalikulu, lodekha, lolowa m'chifuwa. Ndinamatula tepi pang'ono ndi chikhadabo. Mng'alu unalipo, womangidwa ndi ulusi wa phula umene ndinamanga ine ndemwe. Chinali chitoliro cha bambo anga.

Chitolirocho ndinachitaya ndine. Bambo atamwalira ndinapita nacho kumpikisano, ndipo woweruza wina analemba papepala kuti liwu n'lotsika, lachikale. Zaka zimenezo aliyense ankakweza liwu pang'ono chaka ndi chaka, poti lokwera limawala m'makutu mwa oweruza. Ndinagula chatsopano sabata yomweyo. Cha bambo ndinachiponya m'bokosi la zipeso zakutha zometera nkhosa, ndipo sindinachifunenso. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikukweza, ndikukweza, mamendulo akudzaza kabati, uku ndikuuza aliyense kuti ine ndiye wosunga za makolo.

Nditakweza mutu, Rewi anali ataima pakhomo la shedi ndi kapu m'manja.

"Mwachidziwa," anatero.

"Anachitenga kuti?"

"M'bokosi lija lili pakonapo. Tinali tikungoyamba kumene, tikusowa chitoliro chogwirizana ndi magitala. Anachipukuta, anaikamo kabango kolizira katsopano, n'kuliza. Ine ndinakhudza chingwe cha gitala. Bambo, zinangogwirana zokha, osasintha kalikonse. Anaseka mpaka kugwa pa ubweya. Akuti, 'Rewi, agogo anga anali a bandi yathu, kungoti anabadwa msanga.'"

"Bwanji sanandiuze?"

"Ndinamuuza kangapo kuti akuuzeni. Ankakana. Ankati, 'Ndikawauza adzatsutsa, ukuwadziwa Adadi. Koma makutu awo sanama. Akadzamva liwu limodzi lokha adzadziwa okha.' Ndiye tikamaimba ku Invercargill ankayamba yekha, magitala ali chete, ndi nyimbo yolira ija munamuphunzitsa. Mphindi zinayi zathunthu. Anyamata oledzera ankakuwa kuti tiyambe, iye osawamva. Maso ali kukhomo."

Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndinalira mokuwa ngati mwana, ndili pansi pakati pa manyi a nkhosa, mkamwini wanga watsitsi lalitali atandigwira phewa. Mwanayo sananame. Anati sanatsitse kanthu, ndipo sanatsitsedi. Amene anasuntha ndine.

Kumanda kunali mphepo ya kum'mwera, yozizira, yonyamula timvula. Anthu odziwa aja anabweradi, atavala makiliti awo, masiketi aamuna a mwambo wathu, ataima mbali imodzi. Mbali ina kunali a majekete achikopa ndi ndolo m'mphuno. Nditatulutsa thumba lofiira lija, ndinaona mnzanga wa mano oikirira akuyang'ana pansi. Kachidole ka nkhosa sindinakachotse. Timagetsi ndinatisiya, ngakhale sindinadziwe poyatsira.

Mipope inali itasokonekera ndi kuzizira. Ndinacheukira Rewi, amene anali ndi gitala yake yamatabwa kumsana.

"Mwana wanga, tandipatsa liwu."

Anandiyang'ana kaye, kenaka anakhudza chingwe chimodzi. Ndinakonza mipope yanga kutsatira gitala, pamaso pa onse, ndipo ndinayamba.

Mwambo wathu ndi wakuti bokosi likamatsika, woimba amatembenuka n'kumachoka pang'onopang'ono akuimbabe, kuti liwu lizizimirira patali. Ndachita zimenezo kokwana mazana awiri. Tsiku limenelo mapazi anakana. Ndinaima pamutu pa dzenjelo mpaka nyimbo yonse inatha, ndinabwerera poyambira pake monga iyenera kuthera, ndipo ndinatseka bwinobwino, thumba silinabuule.

Pobwerera, Nola ndiye anayendetsa. Tinadutsa pamphambano pamene msewu umakhotera ku Invercargill, ndipo ndinayang'ana chikwangwani cha makilomita ngati sindinachionepo.

"Anati liwu limodzi lokha," ndinatero.

"Ndikudziwa."

"Ndinadziwadi pa loyamba lomwe, Nola."

Bokosi lakuda linali pamiyendo panga. Chitoliro chimenecho ndachimva m'manja mwa bambo anga, ndipo tsopano ndachimva m'manja mwanga. Anthu a m'mabala a ku Melbourne, amene sadziwa ngakhale dzina la nyimbo ija, anachimva m'manja mwa Ishbel. Ine sindinachimve m'manja mwake.