Chipande cha a Bohuš

A Bohuš anatakasanso supu ya kabichi wowawasa ngakhale inali itapsa kalekale. Anatuluka kukayang'ana chipale chofewa chimene chinakuta bwalo la ndege, nabwerera, nasuntha mbale zimene anali atazisuntha kale. Pansi sanakhale.

Gulu lawo la okonda ndege zopanda injini linali litasonkhana m'nyumba yosungiramo ndegezo, monga linkachitira Januwale aliyense. Uyu anabweretsa soseji, uyo buledi, wina kachasu wa mapulamu, zonse pa tebulo lalitali kunsi kwa phiko la ndege ya mipando iwiri. Koma supu ankaphika munthu mmodzi, ndipo mwambo unali woti wophikayo ndiye woyamba kuuluka dzinja lozizira likatha. Chipande chinkayenda mosinthana, ndipo a Bohuš anachidikira zaka khumi ndi chimodzi.

Tsoka ilo, m'thumba mwawo munali kalata ya dokotala. Mtima wawo unkadumphadumpha, choncho anawaletsa kuyendetsanso ndege. Kalatayo anailandira Lolemba, osauza munthu, n'kupita kukagula kabichi.

"Khalani pansi, madala, mphikawo suuluka," anatero Imrich, mnzawo wamakani, buledi ali kukamwa. "Kapena mwayamba kuopa kumwamba?"

Anthu anaseka, iwonso anaseka mano okha. Ankadziwa kuti atangotseka pakamwa, palibe akanafunsa mapepala kwa munthu amene anaphunzitsa theka la gululo. Ulendo umodzi wokha, basi. Koma ndi iwo omwe kale ankabweza anthu kunyumba chifukwa cha chimfine chabe, ndipo zimenezi zinawachititsa manyazi.

Mbale zitadzaza, Zdenka anatenga choko kuti alembe dzina la woyamba kuuluka pa bolodi. A Bohuš anamuphunzitsa kuuluka ali mtsikana, ndipo tsopano ndiye anali mkulu wa gulu.

"Usalembe kaye, mwanawe," anatero, nam'patsa kalata ija.

Zdenka anaiwerenga kawiri osaiwerengera ena, koma nkhope yake inaulula zonse. Masipuni analeka kulira. Kenako Zdenka anafunsa chapansipansi kuti ulendo woyamba apatsidwe ndani. Imrich anayamba kunena kuti mwambo ukhoza kusintha, koma a Bohuš anamudula.

"Supu ndaphika ndine, ndiye ndiuluka. Koma m'iyi ya mipando iwiri. Ine kutsogolo, pamene ndinkakukhazika iwe, Zdenka. Iwe kumbuyo, ndipo ndodo yowongolera ugwire ndiwe."

"Ndikukudziwani, aphunzitsi. Kutsogolo kulinso ndodo. Nanga manja anuwo?"

"Pa maondo."

"Mukangoikhudza, ndikutsitsani."

"Ndi mmene ndinakuphunzitsira."

Zdenka analemba dzina lawo pamwamba, lake pansi. Imrich anawatungira supu, nawasankhira soseji yaikulu. A Bohuš anakhala pansi koyamba tsikulo. Supu sanaikhudze. Anaika manja onse awiri pa maondo, kuyeseza, ndipo lamanja linkangofuna kunyamuka.