Pomwe Pankakhala Makapu

"Kwezako pang'ono kumanzereko," anatero a Kalipentala ali pampando. "Amako sankapendekeka chonchi."

Mwana wawo wamkazi anawongola chithunzi cha mayi ake pakhoma, msomali wina ali pakamwa, thukuta lili kamukamu. Anthu a mumsewumo ankamutchula kuti Makiyi, chifukwa kulikonse kumene ankapita mulu wa makiyi unkalira m'chikwama mwake ngati kukubwera woyang'anira ndende. M'mawa wonsewo anali pa kalikiliki kutulutsa katundu m'makatoni: zithunzi, wailesi yakale, chipewa cha bambo ake, nsapato zakutha zoti aike pakhomo. Anamatulanso timapepala tomwe anamata m'makoma touza alendo pozimitsira magetsi ndi potaya zinyalala. Nyumba inayenera kuoneka kuti mumakhala munthu, ndipo munthuyo anayenera kukhala bambo ake.

Nyumbayo inalidi ya a Kalipentala. Zitseko, mawindo ndi makabati, zonse anakhoma okha adakali ndi mphamvu. Koma akazi awo atamwalira, Makiyi anawanyengerera kuti si bwino kumakhala okha. Anawatengera kwake, kufulati ya m'mwamba, kumene ankagona chipinda chimodzi ndi adzukulu awo komanso njinga ya mkamwini wawo. Nyumbayo anaipenta yoyera mbee n'kuiika pa intaneti kuti alendo odzacheza mumzinda azigonamo masiku ochepa. Zinkayenda bwino ndithu, moti ana sankabwezedwanso kusukulu. A Kalipentala sankadandaula mokweza. Ankangofunsa mwa apo ndi apo kuti, "Kodi kwathu kuja ndibwerera liti?" Iye n'kuyankha kuti, "Alendo awa akangotuluka, Bambo." Koma alendo akatuluka m'mawa, masana kunkalowa ena.

Kenako khonsolo inakhwimitsa malamulo. Anthu anali atadandaula kuti nyumba za lendi zatha, aphunzitsi ndi anamwino akusowa pokhala, misewu yangodzaza ndi okoka masutikesi omwe sapereka ndi moni yemwe. Lamulo latsopano linati kupereka nyumba yonse kwa alendo a masiku ochepa kwaletsedwa. Wofuna kuwalandira aziwapatsa chipinda chimodzi m'nyumba imene mwiniwakeyo akukhalamo. Makiyi sanachedwe kupeza nzeru. Mwini nyumba analipo, wamoyo, woyenda yekha. Chinangotsala n'kuwakhazika pampando tsiku lobwera woyendera wa kukhonsolo, madzulo n'kubwerera nawo kufulati, nyumba n'kupitiriza ntchito yake mwakachetechete.

"Tibwerezenso, Bambo. Akakufunsani kuti mumagona kuti?"

"Chipinda chakumapeto."

"Alendo?"

"Chapafupi ndi bafa. Iwe, ndakalamba miyendo, osati mutu."

"Nanga akati munachokapo muno?"

A Kalipentala anayang'ana zala zawo. "Ndinena kuti ndimangopita kukaona adzukulu."

Mawuwo anatuluka molemera. Makiyi anamva, koma anachita ngati akufuna hamala. Bambo akewo anali munthu woti kasitomala akabweretsa thabwa lofumbwa ankamuuza pamaso kuti lafumbwa, ngakhale ntchito iwaphonye. Lero mwana wawo yemwe ankawaphunzitsa bodza ngati ndakatulo ya kusukulu.

Anatuluka nawo pakhonde kuti woyenderayo adzawapeze akuwothera dzuwa. Wometa wa nyumba yoyandikana nayo, amene anali akuyanika matawulo ake pampanda, anangoti maso tong'o.

"A Kalipentala! Ndinu nomwe? Mwabukitsa masiku angati?"

"Ndikamva kwa a manijala," anayankha iwo akuloza mwana wawo ndi chibwano.

Wometa anaseka chikhakhali. "Mukhalitseko, achimwene. Amene anagona muno sabata yatha anavina mpaka galu wanga anasamuka. Inu phokoso lanu linali la sowo basi, ndipo dzuwa likalowa linkatha."

Makiyi anamwetulira kumano kokha. Ankadziwa kuti wometayo anali m'gulu la anthu amene anakadandaula kukhonsolo, ndipo chiyambire sankalankhulana bwino.

Woyendera anafika wapansi, mayi wamtali wa nsapato zafumbi, wooneka kuti wayenda nyumba zambiri ndipo wamva nkhani zambiri. Anapereka moni mwaulemu, n'kulowa. Anasuzumira m'bafa, anayesa mawindo ngati akutseguka, anafunsa za chozimitsira moto. Makiyi ankayankha funso lisanathe n'komwe.

"Mwayenda mtunda, mayi," anatero a Kalipentala. "Muno munthu satuluka kukhosi kuli gwa. Ndikuikireni tiyi."

"Ndipanga ndine, Bambo," Makiyi analowerera msanga.

"Khala pansi, iwe. Mlendo ndi wanga."

Izi sizinali m'maphunziro aja. A Kalipentala analowa kukhitchini mwamphamvu, mapewa atawongoka, ngati zaka zabwerera m'mbuyo. Anaika ketulo pamoto. Kenako, osayang'ana n'komwe, anatambasula dzanja kukabati ya kumanja kwa windo, pomwe akazi awo ankasunga makapu moyo wawo wonse. Anatsegula. Munali ayironi, matawulo opinda bwino ndi timasopo ting'onoting'ono ta alendo.

Anaitseka pang'onopang'ono n'kutsegula ina. Munali mapoto achilendo. Ina, mankhwala ophera tizilombo. Anaima pakati pa khitchini yomwe anakhoma ndi manja awo, akutembenuka uku ndi uku, ketulo ikuyamba kulira. Makiyi anali atasamutsira makapu pashelefu yapoyera kuseri kwa chitseko kuti alendo asamavutike kufuna, ndipo kapepala kolozera komweko anali atakamatula yekha m'mawa womwewo.

"Ali kuseri kwa chitseko, Bambo," anatero motsitsa mawu.

"Eya, eya," anayankha iwo. "Ndimaiwalaiwala masiku ano, mayi. Ukalamba."

Makiyi anamva ngati wina wamuponda pamtima. Bambo akewo sankaiwala kanthu. Ankakumbukira muyezo wa chitseko chilichonse m'nyumbamo. Lero anadzipaka ukalamba pamaso pa mlendo kuti aphimbe mwana wawo.

Woyendera analandira tiyi ndi manja awiri. Atamwa pang'ono anapempha kuona chipinda chogona mwini nyumba. Pakhomo la chipindacho a Kalipentala anaima, n'kuyamba kusisita felemu ndi chala chachikulu, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba.

"Gwirani apa, mayi," anatero. "Penti yabisa, koma chala chimamva. Timizere timeneti ndinkadula ndi tchizulo chaka chilichonse poyeza msinkhu wa mwanayu. Aka ndi pamene ameneyu ankayamba sukulu. Aka ndi pamene anathyoka dzino akuthamangitsa mphaka. Apa anakana kuima, akuti wakula, amake anachita kumugwira mapewa."

Mayiyo anagwiradi, n'kumwetulira. Kenako anawayang'ana m'maso.

"Bambo, zoti munakhalamo muno ndaona, palibe angatsutse. Koma funso limene andituma ndi lina. Panopa mukukhala muno?"

Kunja kunkamveka wailesi ya wometa. A Kalipentala anayang'ana bedi lachitsulo lomwe linalowa m'malo mwa lawo lamatabwa, anayang'ana makatani omwe sanasankhe iwo, kenako anayang'ana mwana wawo. Sanamuyang'ane mokwiya ayi. Anamuyang'ana ngati mmene ankachitira kale akamuperekeza kuchipatala kukabayitsa jakisoni.

"Ee, mayi," anatero. "Ndimakhala muno."

Woyendera anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kaya anakhulupirira kaya ayi, nkhope yake sinaulule.

"Chabwino. Ine ndimalemba zimene mwini nyumba wanena. Koma dziwani kuti timabweranso, ndipo ulendo wachiwiri sitinena tsiku." Potuluka anatembenukira kwa Makiyi. "Muli ndi bambo abwino, achemwali. Tiyi wawonso ndi wokoma."

Geti litatsekeka, Makiyi anayembekezera kuti mtima ukhala pansi, poti zimene ankafuna zinali zitatheka. Koma manyazi anamugwira mpaka kumapazi. Anakhala pamkono wa sofa, chikwama cha makiyi chili pamiyendo, osatha kuyang'ana chithunzi cha mayi ake chomwe anapachika yekha ngati chokongoletsera sewero.

A Kalipentala anatsuka makapu onse atatu, anawapukuta, n'kuwabwezera kuseri kwa chitseko. Anapukutanso madzi pasinki. Kenako anatenga chipewa chawo pamsomali, anawerama movutikira kutola nsapato zakutha zija pakhomo, n'kuziika m'katoni.

"Kodi alendo amayenera kutuluka nthawi yanji muno?" anafunsa. "Ndisakuchedwetsere ena."

Sankanyoza. Ankafunsa zenizeni, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri Makiyi. Akanamukalipira, bwenzi atapeza poyankhira. Anakumbukira maulendo onse amene ankati "alendo awa akangotuluka," mmene bambo ake ankangoti "chabwino" n'kubwerera kukakhala pawindo la kufulati, kuyang'ana madenga a eni ake. Iye ankadziuza kuti akuwasamalira. Sanadzifunsepo kuti munthu wozolowera kudzuka n'kutsegula chitseko chake amamva bwanji kudikira mzera wa kubafa kuseri kwa adzukulu.

Foni yake inalira m'chikwama. Anali alendo atsopano, banja lofuna nyumba yonse kumapeto a sabata. Anayang'ana uthengawo kwa kanthawi. Anaganiza za sukulu ya ana, za mwamuna wake amene adzafunse kuti tsopano zikhala bwanji. Anawalembera kuti nyumbayo sikupezekanso, n'kuika foni chafufumimba patebulo.

Anamasula kiyi wa kutsogolo pamulu uja. Mphete ya makiyiwo inamutsina chala.

"Bambo, tulutsani nsapatozo. Simukupita kulikonse."

"Nanga ana? Sukulu?"

"Ndiona chochita. Chipinda chapafupi ndi bafacho chilipo, mukadzafuna mlendo mudzanena ndinu. Mukapanda kufuna, basi." "Mwanena kwa mayi aja kuti mumakhala muno. Sindikufuna kuti likhale bodza."

A Kalipentala analandira kiyiyo n'kumutembenuza m'manja. Sanali yemwe ankamudziwa, poti loko anasintha kalekale. Anayang'ana makoma oyera aja, pomwe kale panali mwaye wa nyali ndi zala za ana, ndipo sanasangalale mmene Makiyi ankayembekezera. Bedi lawo linali litagulitsidwa, benchi yawo ya ntchito inapita ndi wogula zakale, fungo la mafuta odzola a akazi awo linathera mu penti. Zimenezo kiyi sakanazibweza, ndipo onse awiri ankadziwa.

Anaika kiyiyo m'thumba la malaya, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo la khitchini. Pamenepo anaima, chipewa chili m'manja, ngati munthu wodikira kuti amuuze kuti lowani.

"Ndiye makapu aja," anatero mosamala, "ungandilole ndiwabwezere pomwe ankakhala?"

Makiyi anadzuka pamkono wa sofa. Anawadutsa, anatsegula kabati ya kumanja kwa windo, n'kuyamba kutulutsa ayironi, matawulo ndi timasopo tija, misozi ikugwera pamatawulo a alendo.