Khadi la Buku la Atate

Atate anga, a Boaz Miti, anali atagona m'chipatala milungu itatu, ndipo madokotala anali atasiya kutiyang'ana m'maso. Iwo sankafunsanso za mankhwala. Ankangofuna buku la nyimbo zosinjira limene amati analemba mu 1958 ali mphunzitsi wa kumishoni. Ife ana awo tinali tisanalionepo, ndipo kunena zoona, tinkaseka kumbali kuti nkhalamba ikudzitama.

"Monika, pita ku laibulale m'tauni. Nione dzina langa nisanapite."

A Alfonsi, oyang'anira laibulaleyo, anakoka kabokosi ka makhadi a M. Ndinawafufuza limodzilimodzi mpaka zala kuda ndi fumbi. Dzina la Miti munalibe. Ndinabwereza katatu.

"Amai, mwati chaka chanji?" anafunsa a Alfonsi. Nditawauza anapukusa mutu. "Masiku aja buku likasindikizidwa ku mishoni, pakhadi ankalembapo mzungu wamishoniyo. Wolemba wakuda anali wongothandiza."

Khadi la bukulo analipeza m'kabokosi kena. Mutu wa buku unali womwewo, chaka chomwecho, koma dzina la mzungu. Ndinapsa mtima, komabe ndinati bola bukulo lilipo, mwina m'kati atate atchulidwamo.

A Alfonsi anandionetsa sitampa yofiira pakona pa khadi, yosonyeza kuti bukulo linachotsedwa. Chaka chatha, mu 1993, mabuku onse amene sanabwerekedwe kwa zaka khumi anawachotsa. Amayi a pamsika wa Kapata anawatenga kukakulungira zitumbuwa.

Ndinathamangira kumsikako ngati wamisala, kutembenuza mapepala amafuta benchi ndi benchi. Mayi wina anandifunsa ngati ndataya chiphaso. Ndinalira pomwepo, anthu akuona, mayi wamkulu ngati ine.

Nditabwerera, a Alfonsi anazula khadilo pawaya wogwira makhadi n'kundipatsa.

Kuchipatala atate analigwira ndi manja onse awiri, kulisendeza pafupi ndi nkhope, kulitalikitsanso. Maso anali atawathera.

"Sinikuona bwino, mwananga. Niwerengele."

Ndinawerenga mutu wa buku. Ndinawerenga chaka. Pamzere wa wolemba, pamene panali dzina la mzungu, ndinanena mokweza kuti odwala onse amve: "Miti, Boaz."

Anatseka maso, khadi lili pachifuwa.

"Pamaliro anga ulipereke kwa abusa," anatero. "Akaliwerenge pamaso pa anthu onse."